Ya opaleshoni mwasonkha, nanga wokutapilani madzi ndani?

Pa Cisanu lina usiku, titangotsiliza pulogilamu ya acinyamata, foni ya mu situdiyo inalila pamene tinali kuzima makina. Anali mtsikana, akukamba motsitsa mau monga munthu amene wabisala ku bafa. Anakana kuti mau ake amveke pa wailesi. Funso lake linali limodzi cabe: cilonda ca opaleshoni cikayamba kununkha, munthu angamwe mankhwala ati?

Titamufunsa bwinobwino, nkhani inatuluka. Mkulu wake anali atabwela kucoka kunja masiku anai apitawo. Kunyumba onse anali kudziwa kuti anapita kukaoda zovala. Zoona zake n'zakuti anakacita lipo na BBL. Manje anali cigonele cafufumimba m'kacipinda ka lendi, thupi lili moto, mabandeji atanyowa, ndipo womusamalila anali mng'ono wakeyo yekha, mwana wa Giledi 11, amene anamulumbilitsa kuti asauze amai. Dokotala amene anamucita opaleshoni anali kutsidya kwa nyanja. Pa WhatsApp anangoyankha kuti zimenezo zimacitika, apitilize kumwa madzi ambili.

Tinamuuza zimene munthu aliyense woganiza bwino akanamuuza: palibe ca kumwa apa, funani motoka mupite ku cipatala usiku uno. Iye anati, "Ba sisi akana. Ati manesi azawaseka, ndipo nkhani izafika ku chechi." Tinakhala naye pa foni mpaka anavomela kukadzutsa amai ake aang'ono amene akhala komboni yomweyo. Mkulu wakeyo ali moyo. Anagona m'cipatala milungu itatu, nchito ya ku saluni inatha, ndipo nkhongole ya kaloba ikali kumulondola.

Kucokela usiku umenewo takhala tikufuna kulemba izi, ndipo tizikamba mosapsatila. Sitinabwele kudzakulalikilani kuti thupi lanu musalikhudze. Ndimwe akulu, thupi ni lanu, ndalama ni zanu. Mkangano wathu uli pena. Tonse, ogulitsa, ogula na oonelela, tagwilizana kukamba za opaleshoni yokongoletsa thupi monga ni cinthu ca tsiku limodzi. Timasonkha ya dokotala, ya tiketi, ya hotela, ngakhale ya dilesi yokajambulitsa nayo. Za milungu 6 imene imabwela pambuyo pake, zii. Ise tikuti ngati mulibe ndalama, nthawi na anthu okusamalilani pocila, ndiye kuti ndalama ya opaleshoni mulibe, olo foni yanu ionetse kuti yakwana.

Onani mmene amagulitsila. Pa Instagram na TikTok pali mapakeji: tidzakulandilani pa eyapoti, hotela yapamwamba, womasulila cinenelo, masiku 7, mwabwelela kwanu muli munthu watsopano. Pali cithunzi ca poyamba, munthu ataima mokwinya nkhope. Pali ca pambuyo, atavala dilesi yothina m'mbali mwa nyanja. Pakati pa zithunzi ziwilizo pali miyezi itatu kapena kuposa imene palibe anaijambula. Palibe amaika pa status bedi yonyowa na madzi osakanikilana na magazi, kapena munthu wamkulu akulila cifukwa walephela kudzipukuta yekha ku cimbudzi.

Tiyeni tichule zinthu na maina ake. Lipo ni kulowetsa kacitsulo kobooka pansi pa khungu, kukayendetsa uku na uku, na kukoka mafuta. Kunja mumaona tumabowo tung'onotung'ono, koma mkati cilonda cimakula monga malo onse amene akokapo mafutawo: mimba, m'mbali, msana. Pa BBL amatenga mafuta amenewo na kuwabaila m'matako. Tummy tuck ni kudula khungu la pamimba kucokela mbali iyi ya ciuno kufika mbali inayo, kulikoka na kusoka, nthawi zambili pamodzi na minofu ya mkati. Thupi silidziwa kuti munacita kufuna. Ilo limaona cilonda, ndipo limapola pa liwilo lake.

Kuopsa kwa pa thebulo kwakambidwa kale kwambili. Mu 2017 madokotala a plastic surgery ku America anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti pa anthu pafupifupi 3,000 ocitidwa BBL, mmodzi anali kufa, makamaka cifukwa mafuta obailidwa mozama m'minofu analowa m'mitsempha ya magazi na kukatseka ku mapapo. Mu 2018 bungwe la madokotala amenewa ku Britain, BAAPS, linapempha mamembala ake kuleka kucita BBL, ndipo linalolanso mu 2022 na malamulo okhwima akuti mafuta azibailidwa pansi pa khungu cabe. Zimenezo zili m'manja mwa dokotala, canu ni kumusankha mosamala. Koma pali kuopsa kwina kumene kumayamba mukatsika pa thebulo, ndipo ndiko kumene sitikambako.

Mu October 2005, Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wa Nigeria pa nthawiyo, anacitidwa lipo pa kiliniki ina ku Marbella, m'dziko la Spain. Pa thebulo anacokapo amoyo. Koma kacitsulo kaja kanali katabowola matumbo, ndipo tsiku lotsatila anayamba kudwala kwambili. Anawafikitsa mocedwa ku cipatala cacikulu, ndipo anamwalila. Mu 2009 khoti ya ku Spain inapeza dokotalayo na mlandu wa kusasamala. Mu November 2007, Donda West, amai ake a woimba Kanye West, anacitidwa opaleshoni yokongoletsa thupi ku Los Angeles, anapita kukacilila kunyumba, ndipo tsiku lotsatila anamwalila. Imfa yao inapangitsa California kukhazikitsa lamulo mu 2009 lakuti munthu azipimidwa thupi coyamba asanacitidwe opaleshoni yotele.

Awa anali azimai a ndalama, okhala na madilaiva, mafoni na anthu owazungulila. Onse awili zinawavuta m'maola a pambuyo pa opaleshoni. Manje ngati zinavuta kwa mkazi wa pulezidenti, muganiza zidzakhala bwanji kwa imwe m'cipinda cimodzi ku Kanyama, ku Mtendere kapena ku Chawama, nesi wanu ali mwana wa sukulu?

Malangizo a pocila amene makiliniki amapatsa analembedwela munthu wa nyumba ya shawa yotentha, filiji yosazima na motoka pakhomo. Tiyeni tiwawelenge tili kuno kwathu.

Amati pambuyo pa BBL musakhalile matako kwa milungu iwili kapena itatu, ndipo pambuyo pake muzikhala pa kapilo kapadela mpaka milungu 6 kapena 8, cifukwa mafuta obailidwawo afunika kugwilana na mitsempha ya magazi, ndipo mukawapanikiza amafa. Cabwino. Mudzakwela bwanji minibasi yopita ku Town, anai pa mpando umodzi, mseu uli mabampu okhaokha? Mudzasewenza bwanji mu buthi ya mobile money, mmene nchito yonse ni kukhala pa stulu? Kugona ni cafufumimba usiku ulionse. Cimbudzi ca panja cimene mumagawana na mabanja asanu cifuna kunyonyomala, pamene mimba na nchafu zatupa ndipo mutu ukuzungulila.

Amati musanyamule colema kwa milungu pafupifupi 6 pambuyo pa tummy tuck kapena opaleshoni ya mabele. Cigubu ca malita 20 ni makilogilamu 20. Mwana wa zaka ziwili amene alila kuti mumupape sadziwa za tummy tuck. Thumba la malasha, beseni ya zocapa, kuvundula nsima ya banja lonse, zonsezo zimakoka pamimba. Masiku oyamba munthu amayenda cowelama monga ambuya, ali na tumapaipi totulutsa madzi m'cilonda, tumene tufunika kukhuthulidwa, kupimidwa na kulembedwa tsiku lililonse mpaka dokotala atatucotsa. Adzatucotsa ndani ngati dokotala wanu ali ku Istanbul? Ndipo ngakhale muli m'ululu, amafuna kuti muziyendako pang'onopang'ono kangapo pa tsiku kuti magazi aziyenda. Pamenepo pafunika wokugwilani dzanja, cifukwa mukagwa na cizungulile muli mweka m'nyumba, palibe adzamva.

Amati muzivala covala cothina cija amati faja, usana na usiku, kwa milungu ingapo. Ciganizileni mu October, pansi pa malata. Cifunika kucapidwa, ndiye kuti mufunika ziwili, ndipo kutupa kukacepa mufunika saizi ina. Amati cilonda cizikhala caukhondo, na madzi abwino. Ise tikumbukila January 2024, pamene kolela inavuta mu Lusaka mpaka Heroes Stadium inasanduka cipatala. Tikumbukila caka comweco madzi atacepa ku Kariba, malaiti akupita kuyambila m'mawa mpaka usiku: pampu yazima, pa mpopi palibe dontho, foni yafa, ndipo bandeji muisintha na tochi kukamwa. Akuluakulu anati walila mvula walila matope. Vuto lathu n'lakuti timalipila mvula, matope tikusiyila mwana wa Giledi 11.

Ndiye pali ulendo wobwelela. Opaleshoni yaikulu imapangitsa magazi kuundana mosavuta, ndipo kukhala malo amodzi maola ambili kumawonjezela vutolo. Magazi oundanawo amayambila m'mwendo, akasomphoka amapita ku mapapo, ndipo munthu angafe m'mamineti ocepa. Ndiye cifukwa cake NHS ya ku Britain imalangiza kusakwela ndeke kwa masiku 5 mpaka 7 pambuyo pa lipo kapena opaleshoni ya mabele, na masiku 7 mpaka 10 pambuyo pa tummy tuck. Amenewo ni masiku ocepetsetsa, kwa munthu amene zonse zamuyendela bwino. Manje pakeji ya masiku 7 imawelenga na tsiku lofika, na tsiku lopimidwa. Mukatsika pa Kenneth Kaunda International Airport pambuyo pa maola oposa 8 m'mwamba, masiku oopsa akali kutsogolo, cifukwa matenda a m'cilonda amaonekela patapita masiku, nthawi zina milungu. Ena, pofuna kusungako ndalama, amabwela pa basi kucoka ku Johannesburg: tsiku lathunthu pa mpando, kuwonjezapo mizele ya pa boda. Uyu ni munthu amene anauzidwa kuti asakhale pansi.

Sitikuti madokotala onse akunja ni oipa. Alipo aluso kwambili. Koma boma la Britain linalengeza kuti nzika zake zoposa 20 zinafa ku Turkey pambuyo pa maopaleshoni kuyambila mu 2019, ndipo iwo kwao ni maola anai cabe pa ndeke. Dokotala angakhale katswili motani, manja ake safika ku Matero.

Tibwele ku ndalama. Tidziwa mmene ambili amasonkhela: cilimba, village banking, kugulitsa foni, kaloba. Ikangokwana pa mtengo wa pakeji, dipoziti yapita, palibe cotsala. Koma welengani. Lamulo la nchito la mu 2019, Employment Code Act, limapatsa wanchito masiku awili a livu pa mwezi, ndiye kuti 24 pa caka. Milungu 6 ni masiku 30 a nchito. Olo musunge livu ya caka conse, siikwana. Ndipo amenewo ni amwai amene ali pa nchito yolembedwa. Wa ku saluni, wa salaula ku City Market, wa kantemba, tsiku limene sanaime pa nchito palibe colowa, koma landilodi sayembekeza kuti munthu acile. Ndiye cimacitika n'ciani? Munthu amabwelela ku nchito pa sabata yaciwili, ulusi ukali m'thupi, ndipo cilonda cimatseguka.

Pamwamba pake pali mankhwala opha ululu, maantibayotiki, mabandeji, mafaja, masaji ocotsa kutupa amene ambili amauzidwa kucita pambuyo pa lipo, Yango cifukwa basi simungakwele, na cakudya comanga thupi monga mazila, nsomba, nyemba na nyama, cifukwa cilonda sicipola na tiyi na buledi. NHIMA siilipila opaleshoni yokongoletsa thupi. Inshuwalansi wamba ya paulendo nayo nthawi zambili siigwila pa opaleshoni imene munacita kukonzekela. Zikavuta, mungafunike opaleshoni yaciwili yokonza, na ndalama ina imene simunaisonkhe.

Mukafuna katswili kuno, kumbukilani dziko limene tikhalamo. Kwa zaka zambili Zambia yonse inali na dokotala mmodzi cabe wa plastic surgery, Dr Goran Jovic, amene anali kuyenda pa kandeke kupita ku zipatala za kutali kukathandiza anthu opsa na moto na ana obadwa na milomo yong'ambika. Lelo alipo ena, koma akali ocepa, ndipo pakati pa owayembekeza pali ana amene anagwela pa mbaula kapena kuthilidwa phala lotentha. Wodwala cifukwa ca BBL nayenso ayenela kuthandizidwa, ndipo mwamsanga. Koma musaganize kuti pali wina amene wangokhala kuyembekeza kutsiliza nchito imene kiliniki yakunja inasiya pakati.

Komabe cimene cinatsala pang'ono kupha mtsikana uja sicinali kusowa ndalama. Cinali cinsinsi, ndipo cinsinsi cimeneci tinacimanga tonse.

Tinacimanga ise amene timathamangila ku makomenti a pa Facebook kukaseka aliyense amene thupi lake lasintha, kumucha pulasitiki, kufunsa kuti anamulipilila ndani. Anacimanga maanti athu amene kuyambila mwana ali na zaka 12 amamuuza kuti alibe ciuno, ni thabwa, sadzakwatiwa, ndiyeno akakula n'kukagula ciunoco, iwo omwewo ayamba kumuloza cala. Anacimanga a ku chechi amene amaona chimo pamene pali wodwala. Anacimanga anchito a zaumoyo ena amene wodwala akafika amayamba na "munazifuna mweka" asanamupime n'kutentha komwe. Munthu akadziwa kuti coyamba kulandila ni kusekedwa, amadikila. Ndipo pa matenda a m'cilonda kapena magazi oundana, usiku umodzi wodikila ndiwo umasankha ngati mupita ku wodi kapena ku mochale.

Imwe ochuka a pa intaneti amene munacita opaleshoni, n'kubwela kudzatigulitsa tiyi wocepetsa mimba na mafuta okulitsa mahipsi, ati ni jimu na madzi cabe, muli na mlandu waukulu. Nanunso amene mumavomela kuti munacita, koma mumaonetsa cabe tsiku lotsika ndeke mutavala magalasi akuda, n'kutumiza atsikana ku kiliniki imene imakupatsani gawo pa mutu ulionse, osachula kuti imwe munali na nesi wolipidwa, wanchito wa m'nyumba na motoka pakhomo.

Imwe amuna amene mumalipila, mumatumiza ya opaleshoni cifukwa mufuna cokaonetsa kwa anzanu ku bala. Pa tsiku lacinai, pamene munthu afunika kusambitsidwa na kupelekezedwa ku cimbudzi, foni yanu siipezeka. Ngati simuli okonzeka kukhuthula kapaipi ka magazi na manja anu, ndalama yanu isungeni. Ndipo musaganize kuti nkhani ino ni ya akazi okha. Anyamata nawo akupita kukabyala tsitsi pa dazi, kucepetsa mabele, kukoka mafuta a pamimba, ndipo cinsinsi cao n'cokulilapo, cifukwa mwamuna wa pa Zed kuuza mnzake kuti "nithandizeko kusamba" aona monga ulemu wonse wamuthela.

Na ise a pa wailesi sitidziyeletsa. Tawelengapo malonda a mankhwala a mahipsi na oyeletsa khungu cifukwa jeneleta inali kufuna mafuta, osafunsa ngati ZAMRA inawavomeleza. Taseka nawo pa mapulogilamu a misece ya ochuka. Mtsikana uja anaimbila ise cifukwa analibe wina, koma mwina mkulu wake anabisa cifukwa anatimvapo tikuseka.

Ena adzati mukakamba za mmene munthu angacilile bwino, ndiye kuti mukulimbikitsa ana kupita. Mau amenewa tinawamvapo kale pa nkhani ya makondomu. Dziko lino lidziwa mtengo wa kukhala cete. Mu 1987 Dr Kenneth Kaunda anaulula poyela kuti mwana wao Masuzyo anamwalila na AIDS, pa nthawi imene mabanja ambili anali kunamizila ufiti kapena cifuwa. Palibe anganene kuti analimbikitsa matenda. Anathandiza kuti odwala asamafele kuseli kwa citseko. Ofuna opaleshoni akupita kale, kaya tikambe kaya tisakambe. Ndipo tikhulupilila kuti munthu amene wawelengela moona mtima milungu 6, ndalama zake na anthu ake, amaimako kaye na kuganizanso kuposa amene wangokalipilidwa.

Codabwitsa n'cakuti kusamalila wodwala ndilo luso lathu. Mkazi akabeleka, amai ake amakwela basi kucoka ku Katete kapena ku Petauke kudzakhala naye m'cikuta: kumuphikila phala, kumutenthetsela madzi, kumuletsa kunyamula ndowa. Wobeleka mwa opaleshoni palibe amamutuma ku cigayo. Kitchen party timaikonzekela miyezi 6, na komiti, gulu la WhatsApp, msungi wa ndalama na citenge cofanana. Pa cilanga mulilo timadziwilatu kuti mphika uti adzasenza ndani. Koma munthu wokang'ambidwa mimba amanyamuka yekha m'bandakuca monga wakuba.

Conco ngati mwatsimikiza mtima, musanatumize dipoziti khalani pansi na pepala.

Lembani maina a anthu akulu awili, osati ana a sukulu, amene avomela na pakamwa pao kukhala na imwe usana na usiku sabata yoyamba, na kumabwela tsiku lililonse masabata otsatila. Mmodzi akhale wa m'banja amene angakusainileni ku cipatala. Simufunika kuuza mpingo wonse. Koma ngati palibe olo munthu wamkulu mmodzi amene mungamuuze, imani kaye. Mutu umodzi susenza denga.

Pezani dokotala kuno kwathu musanapite. Muuzeni zimene mufuna kucita, mufunseni ngati adzavomela kukuonani mukabwela, na mtengo wake. Ngati opaleshoni ni ya kuno, funsani ku Health Professions Council of Zambia ngati dokotalayo na kiliniki yake n'zolembetsedwa, ndipo mufunseni kuti zikavuta pakati pa usiku adzakutumizani cipatala citi. Wobaya jekeseni ya matako kuseli kwa saluni kapena m'cipinda ca loji si dokotala, olo avale coyela.

Pimitsani magazi, BP na shuga, ndipo kambani zoona. Ngati muli na sickle cell kapena magazi ocepa, ngati mumamwa ma ARV, mapilitsi a cilezi kapena mankhwala acikuda, dokotala adziwe, cifukwa zina mwa izi zimasintha kaundanidwe ka magazi na mmene thupi limalandilila mankhwala ogonetsa. Fodya na shisha zimacedwetsa cilonda kupola, ndipo madokotala amafuna muleke milungu inai musanacitidwe opaleshoni, komanso pambuyo pake. Ngati khutu lanu linatuluka cotupa colimba mutaboola ndolo, kambani. Khungu lakuda limakonda zipsela zotukuka zija amati keloid, ndipo cipsela ca tummy tuck n'cacitali.

Ikani padela ndalama ya pocila imene simudzaikhudza: lendi ya miyezi iwili, cakudya, mayendedwe, na ina ya mwadzidzidzi. Gulani tiketi imene mungasinthe tsiku. Musatuluke m'kiliniki popanda pepala la Cizungu lofotokoza zimene anacita, kuculuka kwa mafuta amene anacotsa, na mankhwala amene anakupatsani. Dokotala wa ku UTH, ku Levy kapena ku Chipata Central sangalote zimenezo. Sungani nambala ya munthu wa motoka amene angadzuke pa 02 koloko usiku. Konzekelaninso mtima. Milungu yoyamba thupi limakhala lotupa, lofiilila mikwingwilima, losafanana na cithunzi cimene munalipilila, ndipo ambili amalila na kudziimba mlandu. Maonekedwe enieni amabwela patapita miyezi. Pa masiku amenewo mufunika munthu wokamba naye amene sadzayamba na "tinakuuza".

Imwe na okusamalilani mudziwe zizindikilo zimene sizifuna WhatsApp, sizifuna pemphelo lokha, sizifuna kudikila kuce: kupuma movutikila kapena kupweteka pacifuwa, mwendo umodzi kutupa na kuwawa, thupi kutentha kufika pa 38, cilonda kutentha, kutulutsa mafinya, kununkha kapena kutseguka, khungu kuda monga lapsa, m'mimba kuwawa mowonjezeleka, magazi osaleka, cizungulile camphamvu kapena kusokonezeka mutu. Cimodzi cabe mwa izi, nyamukani. Mukafika, uzani nesi zoona pa mau oyamba: n'nacita lipo pa tsiku lakuti, ku malo akuti. Akafuna kuseka, aseke. Imwe mwabwela kudzafuna moyo.

Amai, atate, maanti: mwana akabwela kudzakuuzani kuti afuna kucita, kalipani ngati mufuna, mukanizeni, mufunseni amene anamuuza kuti thupi lake n'losakwana. Koma tsilizani na mau akuti, "Ukapita, uniuze tsiku." Kukwiya kwanu kungadikile. Cilonda sicidikila.

Mng'ono uja wa Giledi 11 anatitumila meseji patapita miyezi iwili. Sanakambe za thupi la mkulu wake, kaya linatuluka bwino kaya ayi. Anati analephela kulemba mayeso a temu cifukwa anali kugona pansi m'wodi, ndipo mpaka lelo akamva munthu akubuula usiku amadzidzimuka. Mkulu wake anasankha opaleshoni. Mwanayu sanasankhe ciliconse. Musanatumize dipoziti ija, dzifunseni kuti adzasenza ndani gawo limene simunakonzekele, ndipo mukamupeza, kamufunseni coyamba.